Bokosi la makhadi a mawu a Scrabble: momwe ntchito yayendera

8 Januwale 2024: mndandanda wa mawu

Chikupangidwa ndi bokosi la makhadi ophunzirirapo mawu a Chingerezi, loti osewera Scrabble (masewero opanga mawu pabolodi ndi timatabwa ta zilembo) a pakalabu, omwe ambiri ndi ana a sekondale, azigwiritsa ntchito popanda foni kapena intaneti. Kumaso kwa khadi kukhala funso, kumbuyo kwake yankho. Tiyamba ndi mawu a zilembo ziwiri, kenako a zilembo zitatu osankhidwa, kutsiriza ndi a zilembo zisanu ndi ziwiri, omwe amabweretsa bonasi ya mapointi 50 munthu akatsitsa zilembo zake zonse pakamodzi.

Mndandanda wa mawu a zilembo ziwiri womwe unakopedwa pa intaneti unali ndi mawu 107, pomwe amayenera kukwana 127. Chifukwa chake n'chakuti mindandanda ikuluikulu ilipo iwiri. Ku United States ndi ku Canada mipikisano yambiri imatsata wa bungwe la NASPA, wotchedwa NWL. M'maiko ena ambiri, kuphatikizapo muno mu Africa ndi m'mipikisano ya WESPA, bungwe la osewera a dziko lonse, amatsata Collins Scrabble Words. Ngakhale Wellington Jighere wa ku Nigeria, potenga chikho cha dziko lonse ku Perth mu 2015, ankasewera ndi mawu a Collins. Masamba ambiri a pa intaneti sanena kuti atengera mndandanda uti, choncho werengani kaye mawuwo musanakhulupirire. Mukapeza 107, dziwani kuti ndi wa ku America.

Mawu 20 omwe amasowawo ndi awa: CH, DI, EA, EE, FY, GU, IO, JA, KO, KY, NY, OB, OO, OU, ST, UG, UR, YU, ZE, ZO. Osewera wosadziwa ZO ndi JA amakhala ndi Z kapena J m'manja nthawi yaitali popanda chifukwa.

Tasankha kope la Collins la 2021, lomwe lili ndi mawu 279,077. La 2019 linali ndi 279,496, ndipo 419 anachotsedwa chifukwa ndi otukwana kapena onyoza mitundu ya anthu. Pansi pa khadi lililonse palembedwa timalemba ta CSW21, chidule cha dzina la kopeli, kuti kope lina likadzatuluka zidzadziwike kuti makhadiwa ndi a liti. Mawu ndi matanthauzo ake zikuchokera mu pulogalamu ya Zyzzyva yokhala ndi mndandanda wa Collins. Dikishonale ya kusukulu siingaweruze mlandu wa Scrabble, chifukwa mawu ambiri ololedwa pabolodi mulibemo.

Zawonongedwa: bandulo ya intaneti, K3,000.

13 Januwale: mawu asowa m'kompyuta

Mawu anaikidwa mu fayilo ya CSV kuti asanjidwe ndi kapulogalamu ka Python. Powerenganso a zilembo ziwiri anapezeka 126. Losowa linali NA. Laibulale ya Python yotchedwa pandas ikamatsekula fayilo imatenga NA ndi NULL ngati chizindikiro choti pamalopo palibe kanthu, ndiye imawameza osanena. Awiri onsewa ndi mawu ololedwa mu Scrabble. Mankhwala ake ndi kuwonjezera keep_default_na=False pa read_csv.

Excel nayo ili ndi khalidwe lake. TRUE ndi FALSE imawatenga ngati mayankho a masamu, osati mawu, moti posanja amakagwera pansi penipeni, kuseri kwa mawu oyamba ndi Z. Musanaike mawu, sinthani danga lonselo likhale la Text.

Pa makhadi a mawu aatali pafunika alphagram, kutanthauza zilembo za liwu zitasanjidwa kuyambira A kutsikira ku Z: RETAINS amasanduka AEINRST. Mu Excel fomyula yake ndi =CONCAT(SORT(MID(A2,SEQUENCE(LEN(A2)),1))), koma imagwira pa Excel 2021 kapena yatsopano kuposa imeneyo ndi Microsoft 365 pokha. Pa kompyuta yakale ya Excel 2016 inangotulutsa #NAME? kuyambira pamwamba mpaka pansi, chifukwa SORT ndi SEQUENCE mulibemo. Tabwerera ku Python, komwe ''.join(sorted(liwu)) ikumaliza zonse.

Palibe ndalama yomwe yapita.

20 Januwale: pepala, kudula ndi kusindikiza

Pepala la A4 ndi la mamilimita 210 ndi 297. Likagawidwa mizere inayi chopingasa ndi inayi chotsika limatulutsa makhadi 16 a mamilimita pafupifupi 52 ndi 74. Mawu 127 akukwana pa mapepala 8, n'kutsala khadi limodzi lopanda kanthu.

Kusindikiza koyamba kunachitika pa pepala wamba la fotokope, la 80 gsm (muyeso wa kulemera kwa pepala). Silinathandize: khadi likayang'anitsidwa kuwindo yankho limaonekera, ndipo ana sachedwa kuzindikira zimenezo. Limapindikanso likangogwidwa kangapo. Tagula paketi ya mapepala olimba a 160 gsm, 100 m'paketi. Amenewa saonekera, ndipo printa ya pashopu ikuwakoka bwino akamaikidwa ochepaochepa kudzera pa thireyi ya pambali. Akaunjikidwa mu thireyi ya pansi amakodwa.

Pepala limodzi loyesera linasonyeza vuto lina. Posindikiza mbali zonse ziwiri, yankho la khadi loyamba linagwera kumbuyo kwa khadi lachinayi. Pepala likatembenuzidwira mbali yaitali, kumanzere kumasanduka kumanja. Tsamba la mayankho liyenera kusanjidwa chobwerera pa mzere uliwonse: 4, 3, 2, 1, kenako 8, 7, 6, 5, choncho mpaka pansi. Siyaninso mpata wa mamilimita 5 kuzungulira malemba a khadi lililonse, chifukwa kumaso ndi kumbuyo sizigwirizana ndendende, ndipo printa siifika m'mphepete mwa pepala. Musalipire mapepala onse musanaone limodzi litadulidwa.

Kudula ndi sizasi kunatulutsa makhadi osafanana, ovuta kuwasakaniza. Rula yachitsulo ndi kampeni ka makatoni, pamwamba pa thabwa losalala, mapepala atatu pakamodzi, ndiye zikutuluka bwino. Kupitirira atatu, kampeni kamapatuka pa pepala la pansi.

Zawonongedwa: kusindikiza pa pepala lopyapyala K2,400, mapepala olimba K14,000, pepala loyesera K300, kusindikiza kwenikweni K2,400, rula ndi kampeni K4,500. Mtengo wa kusindikiza unali K150 mbali imodzi.

27 Januwale: makhadi opanda tanthauzo alephera

Makhadi oyambawa anali ndi zilembo ziwiri kumaso, kumbuyo mawu akuti lololedwa basi. Maganizo anali akuti mu Scrabble palibe amene amakufunsa tanthauzo, ndiye kulilemba n'kutaya malo. Ana anawaloweza msanga ndithu. Koma atakhala pabolodi, mavuto anaonekera pa chilembo chimodzi, S.

Aliyense wophunzira Chingerezi kusukulu amadziwa kuti pochulukitsa dzina amawonjezera S, ndiye osewera ankaika S pa liwu lililonse latsopano. Pabolodi panatuluka XUS, JOS ndi KYS, ndipo palibe lololedwa pa atatuwa. XU ndi kandalama ka ku Vietnam, ndipo dzinali silisintha ngakhale tindalamato tikhale tambiri. JO ndi wokondedwa m'Chingerezi cha ku Scotland, ndipo akachuluka ndi JOES. KY ndi ng'ombe zambiri kale, moti kuikapo S kuli ngati kunena kuti "ziziweto". Kumbali ina, palibe anayerekeza kutsitsa UGGED kapena UGGING, chifukwa palibe ankadziwa kuti UG ndi mneni, wotanthauza kunyansidwa.

Kulakwitsa kotere kumapweteka. Mnzako akatsutsa liwu n'kupezeka kuti silololedwa, umachotsa zilembo zako zonse, mpata wako wapita wopanda pointi, ndipo mnzakoyo waona kale zomwe uli nazo. Komanso ma S m'kathumba momwe osewera amatengamo zilembo alimo anayi okha mwa zilembo 100, choncho mnzakoyo akadziwa kuti uli ndi imodzi amatseka malo onse omwe ikanalowa.

Apa ndi pomwe ntchito yonse yasinthira. Tanthauzo silofunika kuti ulinene pamasewero, koma ndi lomwe limakuuza zomwe liwulo lingavale kumapeto kwake. Dzina kawirikawiri limalandira S. Mneni amalandira S, ED ndi ING. Mfotokozi nthawi zambiri salandira S, koma ena amalandira ER ndi EST. Mfuwu, monga SH kapena HM, salandira S. Mwana akadziwa kuti liwu lili m'gulu liti, waphunzira mawu atatu kapena anayi pa khadi limodzi.

Komabe tanthauzo lokha silikwanira, ndipo chitsanzo chake ndi DI. Liwuli ndi milungu yambiri, kuchokera ku DEUS, choncho mwa lamulo silikanalandira S. Koma DIS ndi lololedwa, chifukwa ndi liwu lina palokha, mneni wotanthauza kunyoza. Pachifukwa ichi kumbuyo kwa khadi kukhalanso zilembo zomwe zingalumikizidwe kutsogolo ndi kumbuyo kwa liwu, zomwe osewera amazitcha ma hook.

Khadi latsopano likuoneka chonchi. Kumaso: ZO, zilembo zazikulu. Kumbuyo, mzere wapamwamba: A D kumanzere, ZO pakati, A L O S kumanja, kusonyeza AZO, DZO, ZOA, ZOL, ZOO ndi ZOS. Mzere wachiwiri: dz. (dzina), ng'ombe ya ku Tibet yobadwa kwa yak ndi ng'ombe wamba. Mzere wachitatu, ngati ulipo, ndi kalembedwe kena ka liwu lomwelo. Khadi la CH lili ndi A E I O kumanzere ndi A E I kumanja. Khadi la XU lili ndi kamzere kumanzere ndi kumanja, kusonyeza kuti palibe chomwe chingalumikizidwe, ndipo ichinso ndi chidziwitso cha mtengo wapatali, chifukwa XU amatseka malo.

Makhadi 127 oyamba aja achotsedwa. Kusindikizanso K2,400.

10 Febuluwale: kulemba matanthauzo m'Chichewa

Gawo ili ndi lomwe ladya nthawi yambiri. Matanthauzo a mu Zyzzyva ndi a Chingerezi chovuta, ena amafotokoza liwu losadziwika ndi liwu linzake losadziwikanso. Mwana wa Fomu 2 amangowadumpha. Tagwirizana kuwalemba m'Chichewa, motsata malamulo ochepa.

Gulu la liwu liyambe, mwachidule: dz. pa dzina, mn. pa mneni, mf. pa mfotokozi, mfw. pa mfuwu. Tanthauzo lisapitirire mizere iwiri ya khadi. Liwu likakhala ndi matanthauzo angapo, lilembedwe lomwe limalandira mathero ambiri, osati lodziwika kwambiri. AX ndi nkhwangwa, koma pa khadi palembedwa mn., kudula ndi nkhwangwa, chifukwa ndi pomwe pakuchokera AXED ndi AXING. Chinthu chikakhala chopanda dzina kwathu kuno, tingonena kuti ndi chiyani ndipo ndi cha kuti. AA: dz., miyala yokhakhala yochokera m'phiri lophulika. AI: dz., nyama ya m'mitengo ya ku South America yoyenda pang'onopang'ono. KO: dz., ndodo yokumbira ya Amaori a ku New Zealand. YU: dz., mwala wamtengo wapatali wa jade. QI: dz., mphamvu ya moyo m'chiphunzitso cha ku China. ZA: dz., pizza mwachidule.

Olemba matanthauzo anali atatu, ndipo poyamba aliyense anatsata njira yake. Wina ankamasulira chilichonse mpaka malemba kusefukira, wina ankangolemba kuti "nyama" kapena "chomera". Njira yachiwiriyi ndi yoipa kwambiri, chifukwa mawu a nyama ndi zomera ndi ambiri zedi, ndipo mwana alibe pogwira. Pafunika kachinthu kamodzi kosiyanitsa: dziko, maonekedwe, kapena ntchito yake. Tsopano wolemba mmodzi ndi amene akuwerenganso zonse asanazitumize kosindikiza.

Mawu omwe ndi chinthu chimodzi cholembedwa mosiyanasiyana aikidwa pamodzi. ZO, DZO, DSO, ZHO ndi DZHO ndi ng'ombe imodzi yomweyo, ndipo khadi la lililonse likutchula anzake. Izi zikuthandizanso pa kalembedwe ka ku Britain ndi ka ku America. Ana athu anaphunzira COLOUR ndi REALISE, ndiye akaona COLOR kapena REALIZE amathamangira kutsutsa. Mu Collins zonse n'zololedwa, ndipo pa lamulo lomwe mipikisano yambiri ya WESPA imatsata, kutsutsa liwu lololedwa kumapatsa mnzako mapointi 5 aulere.

Pali mawu ena omwe sanafune kumasulira. KWACHA, TAMBALA ndi NGWEE onse ali mu Collins, ndipo TAMBALA akachuluka ndi TAMBALAS kapena MATAMBALA. MBIRA, NGOMA, BOMA, BWANA, MIOMBO, MOPANE, SADZA ndi UGALI nawonso alimo. Ana anasangalala nawo, koma apa pali msampha: kupezeka kwa KWACHA sikutanthauza kuti liwu lililonse la kwathu ndi lololedwa. Pa khadi la mawuwa palembedwa kuti lomwe silinalembedwe apa, lifufuzeni kaye.

Mawu a zilembo zitatu mu Collins amapitirira 1,300, ochuluka kwambiri kwa woyamba kumene. Tasankha 320: onse okhala ndi J, Q, X kapena Z, ndi ena omwe amabadwa pa mawu a zilembo ziwiri koma ndi achilendo kwa wophunzira wamba. CAT ndi DOG safunika khadi. Mapepala 20, kusindikiza K6,000.

17 Febuluwale: L ndi R

Powerenganso makhadi a zilembo zitatu, ena anapezeka ndi L pomwe pamayenera kukhala R. Zinachitika pomwe wina ankawerenga mokweza, mnzake akutaipa. M'Chichewa zilembo ziwirizi sizisintha tanthauzo la liwu, choncho khutu lathu silizisiyanitsa bwino, ndipo dzanja limatsata khutu. Kuyambira lero liwu la Chingerezi silitaipidwanso pamanja, lizikopedwa kuchokera mu mndandanda. Pambali pake paikidwa fomyula ya Excel ya COUNTIF yoyang'ana ngati liwulo lilimo mu CSW21, ndipo ikapereka 0 mzere wonse ukusanduka wofiira. Makhadi olakwikawo akonzedwa ndi bolopeni yakuda, sanasindikizidwenso.

Vutoli limawapezanso osewera pabolodi. Pena amapulumuka mwamwayi, chifukwa PLAY ndi PRAY, GLASS ndi GRASS, LOAD ndi ROAD, FLY ndi FRY onse ndi mawu. Koma pa PROBLEM, LIBRARY, UMBRELLA kapena CALENDAR, kusinthanitsa kumabweretsa liwu losaloledwa. Pa mawu aatali zimaipiraipira: wokhala ndi AEILNST amaona ngati ali ndi RETAINS n'kutsitsa LETAINS, chonsecho zilembo zomwezo zili ndi ENTAILS, SALIENT, ELASTIN ndi SALTINE.

Tawonjezera makhadi 48 a L ndi R okhaokha. Kumaso kuli liwu lokhala ndi mpata, monga G_ASS kapena PROB_EM, ndipo funso n'lakuti palowa L, R, kapena zonse ziwiri. Kumbuyo kuli yankho ndi tanthauzo la lililonse. Pa makhadi awa tanthauzo ndiye likugwira ntchito yonse, chifukwa mwana amakumbukira kuti udzu ndi wa R, galasi ndi la L. Mapepala 3, K900.

2 Malichi: mawu a zilembo zisanu ndi ziwiri

Mawu amenewa alipo zikwi zambirimbiri, ndiye funso ndi lakuti tiyambire pati. Kuyambira pa A n'kutaya nthawi. Asanjidwa motsata mwayi woti zilembo zake zituluke m'kathumba, ndipo Zyzzyva imachita izi yokha. Masamu ake ndi osavuta. M'kathumba muli ma E 12, ma A 9, ma I 9, ma O 8, ma N, R ndi T asanu ndi limodzi chilichonse, ndi ma S 4. Kuchulukitsa manambala a AEINORT kumapereka 1,679,616, pomwe AEINRST imapereka theka lake, 839,808, chifukwa ma S ndi theka la ma O. Choncho khadi loyamba m'bokosi ndi AEINORT, ngakhale mayankho ake, OTARINE ndi NOTAIRE, ndi mawu omwe mphunzitsi wa Chingerezi mwina sanawamvepo.

Khadi lomweli likuonetsanso chifukwa chomwe tanthauzo silingasiyidwe. NOTAIRE ndi dzina, wolemba ndi kutsimikiza zikalata za malamulo ku France, ndipo limalandira S. OTARINE ndi mfotokozi, wonena za nyama za m'nyanja za mtundu wa seal zokhala ndi makutu oonekera, ndipo sililandira S. Zilembo n'zimodzimodzi, mapointi angafanane, koma wotsitsa NOTAIRE watsekulira mnzake malo a S, pomwe wotsitsa OTARINE watseka, ndipo mnzakeyo akaikapo S angathe kumutsutsa. Kusankha pakati pa awiriwa kumadalira kudziwa gulu la liwu.

Khadi laling'ono lija linachepa. AEINRST ili ndi mayankho 11: ANESTRI, ANTSIER, NASTIER, RATINES, RESIANT, RETAINS, RETINAS, RETSINA, STAINER, STARNIE ndi STEARIN. Poyesa kuwapanikiza onse ndi matanthauzo ake, malemba anachepa mpaka osawerengeka madzulo. Makhadi a gawo lino akula kawiri, 8 pa pepala, mamilimita 74 ndi 105. Tanthauzo lafupikitsidwa kukhala mawu atatu kapena anayi: RETSINA, dz., vinyo wa ku Greece, STEARIN, dz., mafuta olimba a makandulo, limalandira E ndi S, NASTIER, mf., loipa kuposa linzake.

Panali kusagwirizana pa nkhani yolemba kumaso kwa khadi chiwerengero cha mayankho. Ena amati chilembedwe, apo ayi mwana akapeza liwu limodzi amaganiza kuti wamaliza. Ena amati pabolodi palibe amene amakuuza kuti mawu alipo angati. Onse akunena zoona. Nambala ikulembedwa ndi pensulo pakona, ndipo idzafufutidwa osewera ambiri akalizolowera khadilo.

Makhadi 400, mapepala 50, K15,000.

16 Malichi: bokosi, chinyezi ndi mphemvu

Bokosi loyamba linali katoni ya nsapato, yogawidwa zipinda zisanu motsata njira ya Sebastian Leitner: khadi lomwe wayankha bwino limasunthira chipinda cha kutsogolo, lomwe walephera limabwerera koyamba. Chipinda choyamba chimawerengedwa tsiku lililonse, chachiwiri pakapita masiku atatu, chachitatu sabata, chachinayi masabata awiri, chachisanu mwezi.

Katoniyo sinapirire mvula. Inafewa ndi chinyezi, makhadi anayamba kupindika, ndipo zogawira zomwe zinamatidwa ndi phala la ufa zinaitana mphemvu, zomwe zinadya m'mphepete mwa makhadi oyandikira. Timalamba ta labala tomangira mitolo tinamatirira pa inki n'kuchotsa zilembo zina. Tagula kontena ya pulasitiki yokhala ndi chivindikiro chothina, K8,500, ndi guluu wa matabwa, K2,500. M'kati mwaikidwa timapaketi toyamwa chinyezi ta silica gel tomwe timabwera m'makatoni a nsapato. Mitolo ikumangidwa ndi timizere ta pepala m'malo mwa labala. Makhadi aang'ono ndi aakulu ali m'mizere iwiri yosiyana, chifukwa akasakanikirana aang'onowo amatsetserekera pansi n'kuiwalika.

Vuto lalikulu kuposa mphemvu linali la kagwiritsidwe ntchito. Njira ya Leitner ndi ya munthu mmodzi. Bokosi likakhala la gulu, wodziwa kwambiri amakankhira makhadi onse ku chipinda chachisanu, ndipo wobwera kumene amapeza chipinda choyamba chili mbee. Kusindikizira aliyense bokosi lake sikungatheke pa ndalama zomwe zilipo. Tsopano khadi lililonse lapatsidwa nambala, ndipo limakhala pamalo ake osasuntha. Zipinda zisanu zija zasamukira m'kope la osewera aliyense: masamba asanu, momwe amalembamo manambala a makhadi ndi pensulo, kufufuta ndi kusuntha nambalayo m'malo mwa khadi. Zikuchedwetsa pang'ono, koma aliyense akuyenda pa liwiro lake, ndipo khadi likasowa zikudziwika tsiku lomwelo.

30 Malichi: Q ndi manja odzaza mavawelo

M'masewero oyeserera, pomwe mapointi amatayika kwambiri ndi pa Q. Osewera amasunga chilembochi kudikira U, chonsecho ma U alimo anayi okha. Masewero akatha Q ili m'manja, amachotseredwa mapointi 10, ndipo wotsiriza zilembo zake amawalandira. Mawu a zilembo zitatu okhala ndi Q mu Collins ndi asanu: QAT, QIN, QIS, QUA ndi SUQ. Mwa awa QUA salandira S, ndipo QIS ndi wochulukitsa kale. Pamwamba pa amenewa tawonjezera QADI, QAID, QOPH, WAQF, TRANQ, NIQAB, QIBLA, TALAQ, FAQIR, QANAT ndi MBAQANGA, nyimbo za ku South Africa. Ana achisilamu anawadziwa kale matanthauzo a QIBLA, NIQAB ndi TALAQ, ndipo ndi iwo anakonza zomwe zinalembedwa pa makhadi atatuwa kuti zimveke bwino.

Makhadi ena ndi a dzanja losayenda. Mavawelo akachuluka pali EUOI, AALII, AIOLI, ADIEU, OURIE, MIAOU ndi EUOUAE. Akasowa pali CWM, CRWTH, NTH, PST, BRR ndi HMM. Apanso gulu la liwu ndiye mwini nkhani: CWM ndi dzina, chigwa m'chilankhulo cha ku Wales, choncho CWMS ndi lololedwa, pomwe NTH ndi mfotokozi ndipo EUOI ndi mfuwu, onse awiri osalandira S. Khadi limodzi langolembedwa zoti palibe liwu la zilembo ziwiri lokhala ndi V, ndipo C ili ndi CH yekha, chifukwa zilembo ziwirizi ndi zomwe zimatseka bolodi.

Poyeserera panapezekanso kuti seti imodzi ya pakalabu inali ndi zilembo 98, itasowa S imodzi ndi kathabwa kamodzi kopanda chilembo. Pa seti yotere mabonasi amachepa, ndipo ana amaganiza kuti makhadi sakuwathandiza. Masewero asanayambe, zilembo ziziyalidwa pabolodi m'magulu anayi a 25, kuti chosowa chionekere. Timatabwa tosemedwa kulowa m'malo mwa tosowato tinakanidwa, chifukwa zala zimatizindikira m'kathumba. Zosowazo zatengedwa ku seti ina yakale yofanana nayo, yomwe tsopano yasanduka yopatsira zinzake.

Makhadi 64, mapepala 4, K1,200.

13 Epulo: pomwe tafika

M'bokosi muli makhadi 959: a zilembo ziwiri 127, a zilembo zitatu 320, a L ndi R 48, a zilembo zisanu ndi ziwiri 400, a Q ndi mavawelo 64. Ndalama zonse zakwana K63,100, ndipo K5,100 mwa izo zinapita pa makhadi omwe anatayidwa. Wofuna kupanga lake angazipulumutse poyambira pa pepala la 160 gsm ndi kuika gulu la liwu, tanthauzo ndi ma hook pa khadi loyamba lomwe. Mapepala olimba atsala 6.

Makhadi a zilembo ziwiri ayamba kuda m'mphepete chifukwa ndi omwe amagwidwa tsiku lililonse. Kuwakuta ndi pulasitiki kunayesedwa pa angapo, koma amaterera ndipo sakhazikika mu mtolo, ndiye zasiyidwa. N'kosavuta kungowasindikizanso akatha.

Chotsatira ndi mawu a zilembo zisanu ndi zitatu, omwe amapangidwa podutsa pa chilembo chomwe chili kale pabolodi. Tiyamba ndi 200 a mwayi waukulu, omwe afuna mapepala 25 ndi paketi ina. Matanthauzo a 60 oyamba alembedwa kale ndipo akudikira wowerenganso. Pa khadi la AEINORST pakwana mayankho monga NOTARIES, NOTARISE, SENORITA ndi ARSONITE, ndipo kumbuyo kwake kukhala kamzere kolozera ku makhadi a AEINORT ndi AEINRST, poti onse awiri amafika pa khadili, wina polandira S, wina polandira O.